Kapeti Yobiriwira Imene Ndinagulira Mayi

Mayi anabwera kudzakhala nafe pa boma la Chikwawa chaka chimene madzi anawagwetseranso nyumba ku Nyachikadza. Ulendo woyamba anamanganso pamalo pomwepo chifukwa bambo anali akadali moyo. Ulendo uno bambo kunalibe, ndipo miyendo ya mayi inali itayamba kale kukana. Amene anawakweza m'bwato anandiuza kuti anachita kuwanyamula m'manja, iwo akukalipa kuti awatsitse akatenge khasu lawo. Nditamva zimenezo ndinatsimikiza mumtima kuti kumadziko sadzabwererakonso, kaya andida kaya andikonda.

Iwo anali ndi maganizo awoawo. Anafika ndi kamtolo kamodzi komanga m'chitenje chakuda, anakaika kuseri kwa chitseko cha chipinda chimene tinawapatsa, ndipo sanakamasule. Zovala zimene ndinawagulira ankavala, koma akachapa ankazipinda n'kuzisanja pamwamba pa kamtoloko, wodilopu ili yopanda kanthu. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamva mawu omwewo: "Ndili pano pang'ono pokha. Madzi akauma ndikupita kwathu." Mawu amenewa ankandilasa. Ndinkadziwa kuti tsiku lina atsibweni, mlongo wawo wa mayi amene anatsala kumudzi, adzatulukira pakhomo kudzawatenga, ndipo ndikapanda kuchitapo kanthu mayi adzanyamula kamtolo kaja osacheuka.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale. Mwamuna wanga amagwira ntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo, ndipo ana athu nthawi imeneyo anali kusukulu zogonera komweko. Nyumba yathu ndi ya njerwa zootcha, ya malata, pansi pa simenti, moti ndinkaona ngati munthu wochokera m'matope sangafunenso china. Ndinawasamala mayi mpaka kupyola muyeso. Akagwira tsache ndinkawalanda. Akayandikira mbaula ndinkati, "Pumani mayi, mwagwira ntchito moyo wanu wonse." Madzi osamba ndinkawaikira kubafa, chakudya kuwapatsira pa thireyi. Azimayi akumpingo ankandiyamika kuti ndine mwana wabwino, ndipo kunena zoona zinkandikomera.

Sofa anaikana tsiku loyamba lomwe. Anakhalapo, anamira, anagwira m'mbali mwamantha, kenako anakana m'Chisena kuti, "Nkhabe, mwananga, mpando umenewu umameza munthu." Anadzisankhira pakona pafupi ndi khomo la pabalaza, pa simenti, atatambasula miyendo. Akafuna kudzuka ankayamba agwada, n'kugwira khoma, n'kubuula chapansipansi kuti ndisamve, koma ndinkamva. Choncho m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkawayalira mphasa, imene iwo m'Chisena chawo amati bonde. Ankakhalapo bwinobwino n'kuthokoza kuti, "Takhuta, mwananga." Ndikaweruka ndinkapeza mphasa yakulungidwa, yaimikidwa kukhoma, iwo ali pa simenti pomwe paja. Ndinaganiza kuti bango likuwabaya.

Madzulo ena tili pakhonde, akuyang'ana bwalo lathu la fumbi lokhalokha, anayamba kulankhula ngati akudziuza okha.

"Kwathu pano madzi ayamba kubwerera m'Shire. Kumene achoka kumamera msipu. Ukaponda m'mawa phazi limalowa, mame mpaka mu akakolo." Anasisita zidendene zawo za ming'alu. "Pano mapazi anga akungouma."

Mawuwo ndinapita nawo kusukulu mawa lake.

Kusukulu kwathu kuli mphunzitsi mnzanga amene amadziwa za m'nyumba kuposa za m'kalasi, ndipo akamva zimenezi sangakwiye chifukwa amanena yekha. Pa buleki ankakonda kutionetsa pa foni nyumba za anthu akunja, ife tikudya zitumbuwa n'kumapukusa mitu. Tsiku limenelo chala chake chikudutsa pa chithunzi china, ndinamugwira dzanja. Chinali chipinda cha makoma oyera, pakati pake atayala kapeti yobiriwira ya ubweya wautali, wogona uku ndi uku mosapesa. Anandifotokozera kuti amenewo ndi makapeti akale a ku Sweden ndi ku Denmark, mayiko ozizira zedi, kuti ankawaluka ndi ubweya weniweni wa nkhosa, ndipo eni ake akatopa nawo ena amagwera m'mabelo a kaunjika n'kufika kuno. Iye ankakamba za kukongola kwa chipindacho, pamene ine ndinkaona msipu wa mayi utalowa m'nyumba. Ndinamupempha anditumizire chithunzicho.

Ndinayambira pamsika wa pa boma pompano, Loweruka. Bambo wina wogulitsa makatani ndi zofunda za kaunjika anayang'ana chithunzicho, anandiyang'ana ine, n'kuitana mnzake wa benchi yoyandikana kuti adzaone nawo.

"Madamu, kapeti ya ubweya ku Chikwawa kuno? Mukufuna kuphika mapazi?"

"Mapaziwo ndi anu?" ndinamufunsa.

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anafukula pansi pa mulu n'kutulutsa kakapeti kapinki kopondapo pochoka kubafa, ati ndigule tingapo ndikasoke pamodzi. Ndinachoka osatsanzika.

Ku Nchalo masitolo anali odzaza ndi mapulasitiki oyala pansi aja a maluwamaluwa, amene amadula pa mita. Analiponso makapeti atsopano, ena obiriwira ndithu, koma kubiriwira kwake konyezimira, ukagwira ubweya wake umamva kuti ndi pulasitiki basi. Mayi ndimawadziwa: chinthu chonamizira amachizindikira asanachikhudze. Ku Ngabu, tsiku la msika, bambo wina analumbira kuti ali nayo, ananditengera kuseri kwa zisakasa, kudutsa kwa ogulitsa mbuzi, dzuwa likuswa mtengo, n'kukandionetsa bulangeti lobiriwira. "Mukaliyala pansi lasanduka kapeti, madamu," anatero osaphethira n'komwe. Ndinabwerera kunyumba ndi mutu wopweteka ndi kachitini kamodzi ka masau, poti sindikanabwerera chimanjamanja.

Mwamuna wanga ndi munthu wofatsa, koma pakamwa pake sipapuma. Ankandilonjera pakhomo kuti, "Aphunzitsi, anthu kuno amasaka fani, inu mukusaka bulangeti la pansi. Mwalipeza?" Ndinkamusiya. Koma tsiku lina ananena mosaseka kuti, "Mayi anu sakufuna kapeti. Akufuna kwawo."

"Ndiye ndiwagulire bwato?" ndinamuyankha mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

Ndinapsa mtima chifukwa ndinkaopa kuti akunena zoona. Mawa lake akuvala nsapato za kuntchito anandiuza kuti mkazi wa mnzake amadziwa mayi wina ku Limbe amene amatsegula mabelo a katundu wa m'nyumba yekhayekha, ndipo anandilongosolera pamene amakhala.

Ulendo wa ku Limbe ndimaukonda ngakhale umatopetsa. Minibasi ikawoloka Shire n'kudutsa pa Thabwa imayamba kukwera mapiri mokhotakhota, injini ikulira, makutu akutseka, ndipo penapake mpweya umasintha, anthu n'kuyamba kutseka mawindo. Tsiku limenelo ndinakhala mbali yoyang'ana kuchigwa. Pansi ponse panali potuwa, koma m'mbali mwa mtsinje munali mzere wobiriwira wotsetsereka mpaka kumene maso salinso kufika, kulowera ku Nsanje. Mayi anabadwira m'mzere umenewo, anakwatiwiramo, anatiberekeramo, anaikamo bambo. Ndinawamvera chisoni, komabe maganizo anga sanasinthe.

Mayi wa mabelo uja ndinamupeza atakhala pa belo losatsegula, atavala juzi, akudya mbatata yootcha. Anali wa thupi ndi wa mawu aakulu. Ndinamuonetsa chithunzi nditakonzeka kale kusekedwa, koma iye anapukuta manja, anakulitsa chithunzicho ndi zala n'kugwedeza mutu.

"Awa ndimawadziwa. Amabwera mwa apo ndi apo. Ife akatigwera timadandaula, ndi olemera, amadya malo a makatani. Mukufuna wobiriwira basi?"

"Wobiriwira basi, wakale, wa ubweya weniweni."

"Mukukhala kuti?"

"Ku Chikwawa."

Apa ndiye anaseka, koma kuseka kwa chifundo, n'kufunsa kuti ndalakwanji. Ndinamuuza za mayi, za madzi ndi za msipu. Anamvetsera mpaka kumapeto, anatenga nambala yanga, n'kundiuza kuti ndipite ndikadikire.

Kudikirako kunali ndi zake. Akatsegula belo ankanditumizira zithunzi. Inabwera yofiira, inabwera yakhofi yodyeka m'mbali, inabwera ina yokhala ndi nkhope ya kambuku. Ndikakana ankatumiza mawu akuti, "Mayi a ku Chikwawa, ndinu ovuta, mwamuna wanu ndimamumvera chisoni." Nyengo yozizira inalowa, chiperoni chinayamba kutsika m'mapiri, ndipo kunyumba mayi ankafunsa aliyense wochokera kumunsi kuti madzi afika pati. Ine ndinkangoyang'ana foni. Kenako tsiku lina ndili m'kalasi foni inanjenjemera, ndipo pa buleki ndinamva mawu aakulu aja: "Bwerani, msipu wanu wafika."

Anandisungira pansi pa benchi, atakulunga m'thumba la feteleza. Atayiyala pa makatoni ndinagwada osadziwa kuti ndagwada. Sinali yaikulu kwambiri, anthu atatu akanakwanapo atakhala mopanikizana. Kubiriwira kwake sikunali kumodzi: ulusi wina wodera ngati masamba a dzungu okhwima, wina wotuwirako, wina wachikasu pang'ono, zonse zosakanikirana. Ndinalowetsa dzanja, zala zonse zinabisika. Chakumbali kwina panali pamalo pophwatalala, ubweya utagona osadzukanso, ndipo pakona imodzi panali posoka ndi ulusi wosiyana mtundu. Kuseri kwake kunali kansalu kofufuma ka mawu achilendo, zilembo zina zili ndi timadontho pamwamba. Mayi uja anati zoterezi ndi za ku Sweden, ndipo sindinatsutse poti ndinalibe potsutsira. Inkanunkha fungo la kaunjika lija, la mankhwala osakanikirana ndi nyumba za eni ake.

Tinanenerera mtengo monga mwa mwambo. Ine ndinaloza posoka paja ndi pophwatalala paja, iye anandikumbutsa zithunzi zonse zimene ananditumizira ndi makasitomala amene anawabweza chifukwa cha ine. Tonse tinkadziwa kuti sindichoka popanda kapetiyo, choncho sitinachedwe. Pomanga ananditsina pamkono n'kunena kuti, "Mukawapatse moni amayi. Akaikana mudzandiuze, ndidzabwera ndekha kudzawakalipira."

Kondakitala wa minibasi anafuna kuti kapetiyo ilipire mpando wakewake. Ndinakana, ndiye anandiuza kuti ndiifungate. Pamwamba pa mapiri zinali bwino, mwinanso anzanga ankandisirira. Titayamba kutsika, kutentha kwa kwathu kunatichingamira, ndipo pofika pa Thabwa diresi yanga inali itanyowa yonse. Agogo ena amene anakhala pambali panga anasuzumira m'thumba, anagwira ubweya n'kufunsa ngati ndagula nkhosa yodwala. Minibasi yonse inaseka, inenso ndinaseka nawo chifukwa mtima wanga unali m'malo.

Kuchapa kwake inali ntchito ina. Ndinainyika m'beseni lalikulu, madzi oyamba anatuluka akuda bii, achiwiri otuwa. Itamwa madzi inalemera moti ndi mwamuna wanga tinachita kuinyamula awiri, ndipo titaiyanika chingwe chinaduka. Tinaiponya pa denga la khitchini. Dzuwa la ku Chikwawa, ngakhale m'nyengo yozizira, silinachedwe nayo. Aneba ankasuzumira pampanda, wina n'kufunsa ngati tayamba kudzala kapinga pamalata. Mayi ankaonerera zonsezi ali pakhonde.

Itauma ndinaikutumula, ndinaiyala pakona pawo paja n'kuwaitana.

"Mayi, bwerani muponde."

Anabwera pang'onopang'ono, anaima m'mphepete.

"Mwini wake ali kuti?"

"Kunja, mayi, kutali, kumayiko ozizira."

"Ali moyo?"

"Sindikudziwa."

Anawerama, anasisita pophwatalala paja. "Apa pankakhala munthu mmodzi nthawi yaitali," anatero. Kenako anavula patapata n'kupondapo. Mapazi analowa. Anaima choncho kanthawi, maso ali pansi, zala za kumapazi zikuyendayenda mu ubweya. Atakhala pansi sanabuule. "Pyadidi," anatero, kutanthauza kuti zili bwino. "Takhuta, mwananga." Ndinathawira kukhitchini chifukwa misozi inali itafika kale, ndipo sindinafune kuti mwamuna wanga apeze poyambira.

Mawa lake nditaweruka ndinapeza kapeti yakulungidwa, yamangidwa ndi kansalu, yaimikidwa kukhoma pambali pa mphasa ija. Mayi anali pa simenti. Chinthu cholemera chotero anachikulunga okha, chogwada, ndi miyendo yawo ija. Ndinaimasula, ndinaiyala, anakhalapo, anathokoza. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Zinapitirira choncho mpaka Loweruka lina ndinawapeza ali mkati mokulunga, akupuma mwabefu, ndipo mtima wanga unaphulika.

"Mayi, iyi siyokulunga! Ndayenda Nchalo, Ngabu, Limbe kawiri, anthu akundiseka m'misika, kuti inu muzikhala pofewa. Mphasa mwaikana, sofa mwaikana, iyinso mukuikana. Mukufuna ndichite chiyani?"

Anamaliza kumanga kansalu kaja modekha, n'kukhala pa simenti.

"Sindinaikane. Ndi yabwino. Koma iwe unakulira m'nyumba mwanga. Unandionapo ine nditakhala pa bonde?"

Kwathu bonde linkakhala choimika kuseri kwa chitseko. Munthu akaodira pabwalo, mayi ankatituma kuti tithamange tikayale, ndipo mlendo akanyamuka tinkalikulunga n'kulibweza. Mayi eni ake ankakhala pansi, kapena pa chiguduli, pafupi ndi ntchito yawo.

"M'mawa uliwonse ukundiyalira," anapitiriza. "Tsache ukundilanda. Madzi ukunditungira. Chakudya chikubwera pa mbale ya maluwa ngati kwabwera abusa. Ine ndikuthokoza, ndikukulunga, monga achitira munthu wa ulemu kwa eni ake. Nanga mlendo amakhalitsa, mwananga?"

Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri. Ndinalowa kuchipinda n'kukhala pabedi, manyazi ndi mkwiyo zikulimbana. Mwamuna wanga, amene anamva zonse ali pakhonde, analowa n'kungonena kuti, "Aphunzitsi, mawa musayale." Tsiku limenelo sanawonjezere nthabwala.

Sindinayalenso. Kapeti inakhala choimika kukhoma, ine ndikuidutsa ndi diso la m'mbali. Tsache ndinalisiya dala pakhonde. M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi phokoso la kusesa, ndipo ndinadzigwira kuti ndisatuluke, ngakhale kuti ankasesa chowerama n'kumapumira panjira. Kenako analanda mbaula. Anayamba kundinyoza kuti ndimathira mafuta ambiri m'ndiwo, kuti mlamba wouma sindidziwa kuusankha, kuti mpunga wanga ndi phala. Kuseri kwa nyumba, kumene madzi a pampopi amatayikira, anatipula ndi khasu la aneba n'kubzala mbatata. Ankagona atatopa, ndipo anasiya kundithokoza. Koma kamtolo kaja kanali pomwe paja, komangamanga, ndipo ndikamakolopa m'chipinda chawo ndinkakazungulira osakakhudza.

Atsibweni anafika nyengo yozizira ikutha, Loweruka masana, pa kabaza kuchokera pa siteji. Nditamva "Odi!" wa mawu awo, ndinadziwa chimene anadzera. Ndinatuluka, ndinagwada, ndinalandira kachikwama kawo n'kuwalowetsa pabalaza. Ndinkati ndiwalozere sofa, koma mayi anandidutsa.

"Iwe, choka apo. Kaike madzi pamoto."

Anapita kukhoma, anagwetsa kapeti, anamasula kansalu, anaikankha ndi manja mpaka inatambasuka pakati pa balaza. Anaisalaza m'makona n'kunena kuti, "Khalani apa, achimwene." Mayiwo anakhala pa simenti, chapafupi ndi khomo la kukhitchini.

Atsibweni anavula nsapato, anakhala mosamala, anabisa dzanja mu ubweya n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Ichi n'chiyani? Mwadzala msipu m'nyumba?"

"Ndi bonde lathu la alendo," anatero mayi. "Mwanayu anakalitenga ku Limbe, anachita kulifungata m'galimoto. Ndi la anthu a kumayiko ozizira. Pa boma ponse pano palibe wina ali nalo."

Ndinali kukhitchini, koma khutu lonse linali pabalaza. Analonjerana m'Chisena, anafunsana za odwala, za amene anamwalira, za amene anamanganso. Nditabweretsa tiyi ndinakhala pakhomo. Atsibweni anapukuta thukuta, poti ubweya uja sunkawachitira chifundo, n'kuyamba nkhani imene anadzera. Anati madzi auma, anthu abwerera, kumtunda anabzala kale, ndipo dimba la mayi la kumunsi lija tsopano lapsa, likungodikira khasu. Anati anyamata aimika kale mitengo ya nyumba. Anati kumudzi kopanda mlongo wawo sikukoma.

Ine ndinkangoyang'ana nyerere imene inkakoka kanjere ka shuga pa simenti. Kenako mayi anadzuka mwa njira yawo ija, kugwada, kugwira khoma, n'kulowa kuchipinda. Anatuluka ndi kamtolo kakuda kaja.

Anakaika patsogolo pa atsibweni n'kuyamba kumasula mfundo ndi mano. Munali mabotolo apulasitiki otsekedwa bwino ndi timapepala ta shuga tomangamanga. Zinali mbewu: chimanga cha makolo, nyemba, mpunga, nthanga za maungu. Pa zonse za m'nyumba mwawo, ndi zimene anathawa nazo pamadzi paja.

"Izi mukabzale m'dimba langa," anatero. "Chimangachi musachisakanize ndi chogula. Mukakolola mudzandibweretsereko, ndidzalawe." Anatenga kapepala ka nthanga za maungu n'kukamangirira kunsonga ya chitenje chawo. "Izi zokha zitsale, ndili ndi malo kuseri."

"Nanga inuyo, alongo?"

"Ine ndisiye nyumba ndi yani? Awa amachoka onse m'mawa. Mwanayu ndiwo sadziwa kuphika, mwamuna wake angowonda. Mbatata zanga zangoyamba kuyanga."

Mawu anali olimba, koma pamene atsibweni ananyamula kamtoloko madzulo, mayi sanawaperekeze mpaka kumsewu. Anaima pampanda, akuyang'ana chitenje chakuda chija chikutalikira pa kabaza. Ndinasangalala, sindingabise, koma ndinaonanso chimene chinawachokera tsiku limenelo, ndipo chisangalalo changa chinali ndi manyazi mkati. Nditawayandikira anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango n'kundikalipira kuti ndasiya makapu pansi.

Kapeti ija ilipo mpaka lero. Imakhala choimika kukhoma, yomanga ndi kansalu komwe kaja. Akhalapo abusa, azimayi akumpingo, mphunzitsi mnzanga uja amene anaijambula n'kutumizira anzake, ndi atsibweni akabwera ndi chimanga cha m'dimba. Amayala ndi mayi, amakulunga ndi mayi, ndipo mlendo akachoka nthawi zina ndimawapeza ataima pamenepo opanda patapata, asanayambe kukulunga. Ndimabwerera mwakachetechete.

Tsiku lina nditaweruka, msana ukuwawa, ndinati nanenso ndimveko kufewa kwa chinthu chimene ndinachivutikira. Ndinayamba kumasula kansalu kaja. Mayi anali pakona pawo akusankha nyemba, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Kwabwera alendo?"

"Ayi, mayi, ndimati ndikhalepo ine."

"Iwe ndiwe mlendo pano?"

Ndinamanganso kansalu kaja. Anasendera pang'ono, ndinakhala pa simenti pambali pawo, ndipo anandikankhira lichero kuti ndiwathandize kusankha.